Pulasitiki Wolimbitsidwa ndi Citsulo: Kapangidwe Kake, Nchito Zake ndi Ngozi Zake

Pulasitiki wolimbitsidwa ndi citsulo ndi cipangizo cimene cimapangidwa mwa kuphatikiza pulasitiki wamba ndi nsimbi, aluminiyamu, mkuwa kapena citsulo ca mtundu wina, kuti ziwirizo zigwire nchito monga cinthu cimodzi. Akatswiri a zopanga-panga amaika cipangizo cotere m'gulu la zinthu zochedwa composite, ndiko kuti cinthu copangidwa ndi zipangizo ziwiri kapena zoposerapo zimene sizisungunukirana, koma ciriconse cimasunga khalidwe lake.

Ambiri timaziona tsiku ndi tsiku osadziwa dzina lake. Zina mwa izo ndi nthambo ya magetsi yokwiriridwa pansi, thanki ya malita 1,000 yokhala m'khola la nsimbi, paipi ya madzi otentha, bokosi la mkaka wokhalitsa, ndi mapepala onyezimira amene amakuta makoma a nyumba za malonda ndi malo othirirako mafuta a galimoto m'mizinda yathu. Kudziwa mmene zinthuzi zinapangidwira kumathandiza womanga nyumba, makanika, mlimi ndi wogula aliyense, pakuti cipangizo cimodzi-modzico cikhoza kupulumutsa ndalama pamalo ena, ndi kutayitsa miyoyo pamalo ena.

Nzeru yake ndi yakale

Kuphatikiza zinthu ziwiri kuti cina cikwaniritse cimene cinzace cisowa si nzeru yacilendo kwa munthu wokulira kumudzi. Nkhokwe yolukidwa ndi nsungwi ndi kumatidwa dothi iri citsanzo cabwino. Nsungwi pazokha zimapindika ndipo zimasiya mipata yolowera mbewa ndi tizilombo. Dothi palokha limang'ambika ndi kugumuka. Koma zikaphatikizidwa, nsungwi zimagwira dothi kuti lisagwe, ndipo dothi limatseka mipata ndi kuumitsa cipupa conse.

Konkire wokhala ndi nsimbi mkati amatsata lamulo lomweli. Mu caka ca 1867, Joseph Monier, wosamalira minda ya maluwa wa ku France, analembetsa ku boma njira yake yopangira mitsuko ya maluwa ya simenti yokhala ndi mawaya mkati. Simenti imapirira kupsinjidwa koma imaduka ikakokedwa, pamene nsimbi imapirira kukokedwa. Pulasitiki atabwera, amisiri anangotenga nzeru yomweyi ndi kuiyesa pa cipangizo catsopano.

Cifukwa cace pulasitiki afunika thandizo

Pulasitiki ali ndi zabwino zambiri. Ndi wopepuka, sacita dzimbiri, salola magetsi kupita, ndipo amaumbika mosavuta pa moto wocepa. Koma ali ndi zofooka zitatu zikulu-zikulu.

Coyamba ndi kupindika. Asayansi amayesa kuuma kwa cinthu, ndiko kukana kwace kupindika kapena kutamuka, ndi muyeso wochedwa gigapascal. Nsimbi ya sitilu iri ndi pafupi-fupi 200, aluminiyamu pafupi-fupi 70, PVC wouma wa mapaipi pafupi-fupi 3, ndipo polyethylene wa mathanki ndi zigubu ali ndi pafupi-fupi 1 cabe. Izi zitanthauza kuti ndodo ya polyethylene imapindika kuwirikiza ka 200 kuposa ndodo ya sitilu ya ukulu wofanana, zonse zikasenzetsedwa katundu mmodzi.

Caciwiri ndi kufooka pang'ono-pang'ono. Pulasitiki akasenza katundu kwa miyezi kapena zaka, amapitiriza kutamuka ngakhale katunduyo sanawonjezeke, maka-maka m'nyengo yotentha. Ndico cifukwa cace miyendo ya mpando wa pulasitiki imatangadza m'kupita kwa nthawi, ndipo shelefu ya pulasitiki imagwa pamimba. Nsimbi siicita zimenezi pa kutentha kwa masiku onse.

Cacitatu ndi kufutukuka ndi kutentha. Paipi ya polyethylene yotalika mamita 10 ikatenthedwa ndi madigiri 30, ikhoza kutalika ndi masentimita pafupi-fupi 6. Paipi ya sitilu ya utali womwewo imatalika ndi mamilimita osafika 4. M'nyumba, kusuntha kotereku kumamasula zolumikizira ndi kubweretsa kudontha kwa madzi.

Citsulo naconso ciri ndi zofooka zace. Ndi colemera: sitilu yodzaza malo a lita imodzi imalemera makilogiramu 7.8, aluminiyamu 2.7, pamene polyethylene safika kilogiramu imodzi, ndipo amayandama pamadzi. Sitilu imadyedwa ndi dzimbiri, ndipo citsulo ciriconse cimapititsa magetsi ndi kutentha, zimene nthawi zina ziri zangozi. Conco colinga ca kuphatikiza ndi cakuti citsulo cisenze katundu, ndipo pulasitiki acikute, aciteteze ndi kupatsa cinthuco maonekedwe ofunika.

Masamu ocepa aonetsa phindu lace. Tiyerekeze kuti m'ndodo ya polyethylene mwaikidwa mawaya a sitilu otenga gawo limodzi mwa magawo 10 a ukulu wa ndodoyo, onse ataloza kumodzi. Ikakokedwa m'litali mwace, kuuma kwace kumacoka pa 1 kufika pafupi-fupi 21, koma kulemera kwace sikufika pa kuwirikiza kawiri. Komabe ndodo yomweyo ikakokedwa m'mimba mwace, mopingasa mawayawo, kuuma kwace kumakhala kutasintha pang'ono cabe. Apa ndi pamene pagona luso lonse: citsulo ciyenera kugonekedwa kumene mphamvu idzadzera.

Mbiri mwacidule

Pulasitiki woyamba wopangidwa kotheratu ndi mankhwala anali Bakelite, amene Leo Baekeland anatulukira ku America mu 1907. Kuyambira paciyambi pomwe, amisiri anali kuumba Bakelite mozungulira tizitsulo ta mkuwa popanga masiwichi ndi mapulagi a magetsi. Mu 1926, Waldo Semon anapeza njira yofewetsera PVC. Mu 1933, Eric Fawcett ndi Reginald Gibson a kampani ya ICI ku England anatulukira polyethylene, ndipo mu 1935 gulu la Wallace Carothers la kampani ya DuPont linapanga nayiloni. Polypropylene anatsatira mu 1954 kupyolera mu nchito ya Giulio Natta wa ku Italy, amene analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Karl Ziegler wa ku Germany mu 1963.

Kumbali ya mphira, amene ali mbale wa pulasitiki pa kapangidwe, kampani ya Michelin ya ku France inalembetsa tayala la mtundu wa radial mu 1946, lokhala ndi malamba a mawaya a sitilu pansi pa mapazi a tayala. Mawindo a PVC anayamba kupangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1950. Mapepala a aluminiyamu okhala ndi pulasitiki pakati anatulukira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi dzina la malonda lakuti Alucobond. Kucokera nthawi imeneyo njira zophatikizira zaculuka, koma zonse zingagawidwe m'magulu anayi.

Gulu loyamba: mawaya ndi zoluka

Iyi ndiyo njira yopatsa mphamvu zoculuka koposa. Mawaya a citsulo amagonekedwa, kulukidwa kapena kukulungidwa mkati mwa pulasitiki kapena mphira.

Nthambo ya magetsi yokwiriridwa pansi, imene amisiri a magetsi amaicha SWA, iri ndi mbali zingapo. Pakati pali mawaya a mkuwa kapena aluminiyamu opititsa magetsi, alionse atavekedwa pulasitiki wace. Pamwamba pa iwo pali pulasitiki wina wowamanga pamodzi, kenaka mawaya a sitilu opakidwa zinki atazungulira nthambo yonse, ndipo kunja kweni-kweni kuli PVC wochinga madzi. Mawaya a sitiluwo amateteza nthambo ku khasu, piki ndi miyala, ndiponso amasenza mphamvu yonse pamene nthambo ikokedwa m'ngalande. Pa nthambo ya waya mmodzi yekha, opanga amaikapo mawaya a aluminiyamu m'malo mwa sitilu, cifukwa magetsi osintha-sintha amabala mphamvu ya maginito imene ingatenthetse sitilu. M'dziko muno nthambo za magetsi zimapangidwa ku Luanshya ndi kampani ya Metal Fabricators of Zambia, yodziwika ndi dzina lakuti ZAMEFA, kucokera ku mkuwa wa m'migodi yathu.

Mapaipi a mphira opititsa mafuta a hydraulic pa mathirakitala, magiredala ndi makina a m'migodi ali ndi miyalo ya mawaya a sitilu, kuyambira umodzi kufikira isanu ndi umodzi. Mafuta a mkatimo amakankha ndi mphamvu yoposa ka 100 mphamvu ya mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Pa cifukwa cimeneci makanika sayenera kufuna-funa pamene padontha ndi dzanja lace. Mafuta otuluka pa kabowo kakang'ono akhoza kuboola khungu ndi kulowa m'mnofu, ndipo bala lotere, ngakhale lioneke laling'ono, lifunika dotolo msanga cifukwa lingadulitse cala kapena dzanja. Njira yoyenera ndi kuyandikitsa cidutswa ca katoni pa paipiyo.

Malamba akulu-akulu onyamula miyala m'migodi ali ndi zingwe za sitilu zogonekedwa m'litali mwao. Popeza zingwezo sizitamuka kwambiri, lamba mmodzi akhoza kutalika makilomita angapo. Mndandanda wa malamba wonyamula miyala ya phosphate kucokera ku Bou Craa m'cipululu ca Western Sahara kupita ku nyanja ndi wotalika makilomita pafupi-fupi 100.

Gulu laciwiri: miyalo

Pano citsulo ndi pulasitiki zimayalidwa mosanjikiza ndi kumatidwa pamodzi.

Paipi ya madzi ya miyalo isanu iri ndi pulasitiki mkati, guluu, aluminiyamu wopyapyala wosafika milimita imodzi, guluu winanso, ndi pulasitiki kunja. Madzi amakhudza pulasitiki yekha, motero mulibe dzimbiri. Aluminiyamu amacititsa kuti paipi ikapindidwa ikhale momwemo, amaletsa mpweya kulowa m'madzi, ndipo amacepetsa kufutukuka. Paipi yotere ya mamita 10 ikatenthedwa ndi madigiri 30 imatalika ndi mamilimita osafika 10.

Mapepala okutira makoma, ochedwa ACP kapena ACM, kawiri-kawiri amakhala ocindikala mamilimita 4. Kunja ndi kunja kuli aluminiyamu wa theka la milimita, ndipo pakati pali pulasitiki wa mamilimita 3. Cinthu cikapindidwa, mbali zakunja ndi zimene zimamva mphamvu yoculuka, ina kukokedwa ndi ina kupsinjidwa, pamene pakati sipamva zambiri. Conco nchito ya pulasitikiyo ndi kutalikitsa mapepala awiri a aluminiyamu, ndipo zotsatira zace ndi pepala louma, losalala ndi lopepuka, lolemera makilogiramu pafupi-fupi 5.5 pa sikweya mita imodzi.

Pa ndeke, akatswiri a pa yunivesite ya Delft ku Netherlands anapanga cipangizo cochedwa GLARE, cosanjikiza aluminiyamu wopyapyala ndi ulusi wa galasi womizidwa mu guluu wa epoxy. Aluminiyamu akayamba kung'ambika cifukwa ca kutopa, ulusiwo umagwira mng'aluwo kuti usakule msanga. Cipangizoci cinaikidwa pamsana pa ndeke yaikulu ya Airbus A380, imene inauluka koyamba pa 27 April 2005.

Si miyalo yonse imene colinga cace ndi mphamvu. Bokosi la mkaka kapena madzi a zipatso okhalitsa, la mtundu umene kampani ya Tetra Pak ya ku Sweden inachukitsa, liri ndi pepala pafupi-fupi magawo 75 pa 100, polyethylene magawo 20, ndi aluminiyamu magawo 5. Aluminiyamuyo ndi wopyapyala kuposa tsitsi la munthu, ndipo nchito yace ndi kuchinga kuwala ndi mpweya. Ndico cifukwa cace mkaka wophikidwa pa moto waukulu ndi kutsekedwa m'bokosi lotere umakhala miyezi popanda firiji, cinthu cothandiza kwambiri kumene kulibe magetsi.

Gulu lacitatu: mafupa a mkati ndi makhola

M'njira iyi citsulo cimakhala monga mafupa a thupi. Mafelemu a mawindo ndi zitseko a PVC ali ndi mphako mkati, mmene mumalowetsedwa nsimbi yopakidwa zinki. Popanda nsimbiyo felemu yaikulu imapindika ndi dzuwa ndi mphepo, citseko cimayamba kukhula pansi, ndipo zomangira maloko zimazuka.

Thanki ya malita 1,000 imene alimi ndi omanga amanyamulira madzi ndi citsanzo ca mafupa okhala kunja. Madzi odzaza thankiyo amalemera tani imodzi. Pulasitiki amasunga madzi, koma khola la nsimbi ndi limene limaletsa makoma ace kutupa, ndipo limalola kuti mathanki asanjikizidwe. Khola likathyoka kapena kudyedwa ndi dzimbiri, thankiyo yataya mphamvu yace ngakhale pulasitiki akali wabwino.

Tizitsulo ta mkuwa wosakaniza ndi zinki, tokhala ndi mazinga a sikuluwu, timaumbiridwa m'zolumikizira mapaipi, m'mawailesi ndi m'makompyuta, cifukwa mazinga a pulasitiki amatha msanga akamasulidwa kawiri-kawiri. Opanga galimoto anapititsa nzeru imeneyi patsogolo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene galimoto monga Audi A6 zinayamba kukhala ndi felemu ya kutsogolo, yonyamula rediyeta ndi nyale, yopangidwa ndi sitilu yopyapyala yobooledwa mabowo. Nayiloni wosungunula amathiridwa kupyola m'mabowomo ndi kupanga nthiti zimene zimaletsa sitiluyo kupindika. Motero cinthu cimodzi cimalowa m'malo mwa zidutswa zambiri zowocherera, ndipo galimoto imapepuka.

Gulu lacinayi: ufa ndi tiulusi ta citsulo

Gulu ili ndi limene anthu ambiri amalimvetsa molakwa. Kusakaniza ufa wa citsulo m'pulasitiki sikumam'sandutsa citsulo. Popeza timibulu ta ufawo sitigwirana, mphamvu yokoka imadzerabe m'pulasitiki, ndipo nthawi zina ufa woculuka umacititsa cinthu kusweka msanga. Phindu la ufa ndi lina: umacepetsa kukhwinyata pouma, umathandiza kutulutsa kutentha, ndiponso umacedwetsa kuperepeseka.

Guluu wa epoxy wosakaniza ndi ufa wa nsimbi, wogulitsidwa m'machubu awiri m'masitolo a zomangira, ndi wabwino potseka ming'alu ndi mabowo, ndipo akauma akhoza kupalidwa kapena kubooledwa. Koma mphamvu yace ndi ya epoxy, yocepa kwambiri poyerekeza ndi ya kuwocherera. Sayenera kudaliridwa pa mabuleki, ciwongolero kapena mbali iriyonse ya galimoto imene moyo wa munthu udalirapo.

Pulasitiki woterera wochedwa PTFE amasakanizidwa ndi ufa wa mkuwa wa bronze popanga mabushi oyenda popanda girizi. Tiulusi ta sitilu yosacita dzimbiri timaikidwa m'mabokosi a zipangizo za magetsi kuti tichinge mafunde osokoneza. M'mafakitale a zakudya, zipangizo zina za pulasitiki zimakhala ndi ufa wa citsulo mwadala, kuti kacidutswa kakathyokera m'cakudya makina ofufuza zitsulo akagwire.

Vuto lalikulu ndi kumamatira

Mphamvu ya cipangizo cophatikiza iri pamalo pamene ziwirizo zikumana. Ngati pulasitiki aterereka pa citsulo, katundu safika ku citsuloco, ndipo kuphatikizako kwapita pacabe. Tsoka lace ndi lakuti polyethylene ndi polypropylene mwacibadwa sagwirana ndi citsulo, monga momwe madzi sagwirira pa tsamba lopakidwa mafuta.

Opanga ali ndi njira zitatu. Yoyamba ndi kukhakhalitsa kapena kuboola citsulo kuti pulasitiki alowe ndi kukola. Yaciwiri ndi kuika pakati guluu wapadera, amene mbali yace ina imagwira citsulo ndipo ina imasungunukirana ndi pulasitiki. Yacitatu ndi kupaka citsulo cinthu cimene cimagwirizana ndi mankhwala a m'pulasitiki kapena mphira.

Tayala la galimoto liri ndi citsanzo cocititsa cidwi ca njira yacitatuyi. Mawaya ace a sitilu amakutidwa ndi muyalo wopyapyala kwambiri wa mkuwa wosakaniza ndi zinki. Pamene tayala liphikidwa m'cikombole, sulufule wa mu mphira amagwirizana ndi mkuwawo ndi kupanga kamuyalo kokhakhala kamene kamakola mphira mwamphamvu. Tayala likabooledwa ndi msomali ndipo madzi afika pa mawaya, dzimbiri limadya kamuyalo kameneka, mphira amasiyana ndi waya, ndipo tayala limatupa kapena kusenda pa liwiro. Motero tayala lotupa kapena loonetsa mawaya siliyenera kuikidwanso pa galimoto yonyamula anthu.

Kusiyana kwa kafutukukidwe nakonso kumayesa malo okumanawa. Masana pulasitiki afuna kutalika kuposa citsulo, usiku afuna kufupika kuposa citsulo, ndipo kukokana kwa tsiku ndi tsiku kumeneku kumatha kusendula miyalo imene siinamatidwe bwino.

Moto: phunziro la Grenfell Tower

Citsulo cimalimbitsa pulasitiki, koma sicimuletsa kuyaka. Polyethylene amasungunuka pa madigiri pafupi-fupi 130, ndipo kilogiramu imodzi ikayaka imatulutsa kutentha kofanana-fanana ndi kwa kilogiramu ya dizilo. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, kutentha kumene moto wa nyumba umafikako mosavuta.

Usiku wa pa 14 June 2017, moto unabuka m'firiji m'nyumba ina ya pa nsanjika yacinayi ya Grenfell Tower, nyumba yogonamo anthu ya nsanjika 24 mu mzinda wa London. Nyumbayo inali itakutidwa catsopano ndi mapepala a aluminiyamu okhala ndi polyethylene pakati. Moto utatulukira pa windo unagwira mapepalawo, ndipo m'mphindi pafupi-fupi 30 unali utafika pamwamba peni-peni. Pulasitiki wosungunuka anali kudontha akuyaka ndi kuyatsa moto pansi ndi m'mbali. Anthu 72 anataya miyoyo yao.

Bungwe lofufuza, lotsogoleredwa ndi woweruza wopuma pa nchito Sir Martin Moore-Bick, linanena mu lipoti lace loyamba la mu October 2019 kuti mapepalawo ndiwo anali cifukwa cacikulu cimene moto unafalikira msanga cotero. Lipoti lomaliza linatuluka mu September 2024, ndipo linadzudzula boma, opanga zipangizo ndi oyang'anira nchito yomanga. Mu December 2018, dziko la England linaletsa zipangizo zoyaka pa makoma a kunja a nyumba zatsopano zogonamo anthu zotalika kupyola mamita 18. Moto wa mtundu womwewu unali utacitikapo kale pa nyumba ya Lacrosse ku Melbourne mu 2014 ndi pa hotela ya Address Downtown ku Dubai pa 31 December 2015.

Cofunika kudziwa ndi cakuti mapepalawa ali a mitundu itatu imene kunja imaoneka yofanana. Mtundu wa PE uli ndi pulasitiki yekha-yekha pakati. Mtundu wa FR uli ndi ufa wa miyala wocedwetsa moto pafupi-fupi magawo 70 pa 100. Mtundu wa A2 uli ndi ufa wa miyala wopyola magawo 90 pa 100, ndipo suyaka mosavuta. Mtundu wa PE ndiwo wochipa koposa, ndipo apa ndi pamene pali ciyeso kwa womanga wofuna kusunga ndalama.

Kumene citsulo sicipambana

Ngakhale citsulo ciri ndi malo ace, cipangizo cimene cimasewenzetsedwa koposa polimbitsa pulasitiki pa dziko lapansi ndi ulusi wa galasi. Ndi wopepuka kuposa sitilu, sucita dzimbiri, ndipo supititsa magetsi. Mabwato ambiri a makono, makanopi a galimoto ndi mapiko a makina opanga magetsi ndi mphepo amapangidwa ndi ulusi umenewu. Pa ndeke zatsopano ulusi wa kaboni ndiwo watenga malo: pafupi-fupi theka la kulemera kwa thupi la Boeing 787, imene inayamba kunyamula anthu mu 2011, ndi la zipangizo zophatikiza za mtunduwu. Citsulo cimasankhidwa pamene pafunika cinthu cimene cimapindika cisanaduke, cimene cimagwira sikuluwu, cimene cimapititsa magetsi kapena kutentha, kapena cimene cimachinga mpweya.

Zikatha nchito

Dziko lapansi limapanga pulasitiki woposa matani mamiliyoni 400 pa caka, ndipo bungwe la OECD linapeza kuti mu 2019 magawo 9 okha pa 100 a zinyalala za pulasitiki ndiwo anakonzedwanso. Zipangizo zophatikiza zimakulitsa vutoli, pakuti cimene cinamatidwa kuti cisalekane ndi covuta kucilekanitsa.

Njira zoyenera ziripo. Matayala amaduliwa-duliwa ndi makina, ndipo maginito amakoka mawaya, amene amapita kukasungunulidwa pamodzi ndi nsimbi zina zakutha, monga zimene zimalandiridwa ku fakitale ya sitilu ya ku Kafue. Nthambo za magetsi zimasendedwa kapena kuperedwa, ndipo mkuwa umalekanitsidwa ndi pulasitiki cifukwa ca kusiyana kulemera. Mabokosi a mkaka amaviikidwa m'madzi kuti pepala licoke, ndipo zotsala za pulasitiki ndi aluminiyamu zimapsinjidwa pa moto kukhala malata ndi matabwa, monga zimacitikira ku Brazil ndi ku India.

Njira yoipa, imene imaoneka m'makomboni ndi kumalo otayira zinyalala, ndi kutentha nthambo ndi matayala kuti citsulo citsale. PVC akapsa amatulutsa mpweya wa asidi wowononga maso ndi mapapo, pamodzi ndi poizoni wochedwa dioxin amene amakhalitsa m'nthaka ndi m'thupi. Utsi umenewu umapumidwa ndi wotenthayo, ana osewera pafupi ndi amai ogulitsa pa msika. Kuwonjezera apo, msika wa mkuwa wotenthedwa umalimbikitsa kuba nthambo za ZESCO, kumene kumasiya anthu mu mdima ndi kupha ena mwa akubawo. Bungwe loona za cilengedwe la ZEMA ndilo liri ndi udindo pa nkhani ya utsi ndi zinyalala zoopsa, ndipo lamulo la Statutory Instrument No. 65 la mu 2018 linapatsa opanga ndi oitanitsa katundu udindo pa zinyalala za katundu wao.

Zoyenera kuona pogula

Popeza citsulo kapena pulasitiki wofunikayo amakhala wobisika mkati, wogula ayenera kufunsa ndi kuyang'ana podulidwa. Pa mapepala okutira makoma, afunse pepala la umboni la wopanga loonetsa ngati ndi PE, FR kapena A2, maka-maka pa nyumba ya nsanjika, sukulu, cipatala kapena malo ogona alendo. Pa mawindo a PVC, maginito amphamvu akhoza kusonyeza ngati muli nsimbi mkati. Pa nthambo ya magetsi, awerenge zolembedwa pa cikuto cace, aone ngati iri ndi cizindikiro ca miyeso yobvomerezeka monga ca Zambia Bureau of Standards, ndipo apale waya pang'ono, cifukwa pali nthambo zina za aluminiyamu wongopakidwa mkuwa zimene zimagulitsidwa monga za mkuwa weni-weni. Paliponse pamene cipangizo cadulidwa ndi kuonetsa nsimbi, payenera kutsekedwa bwino kuti madzi asalowe, pakuti dzimbiri loyambira mkati silioneka kufikira tsiku limene cinthuco cithyoka.